Padzala pa Sofiya

Ku Kanyenda, ukafunsa za munda wosamalika, aliyense ankaloza kwa Sofiya. Amayi ake anamuphunzitsa kuti munda wa zinyalala ndi wa mlesi, ndipo iye anamva mopitiriza muyezo. Chaka ndi chaka, dzuwa la Okutobala likapsa, ankaunjika mapesi, udzu ndi masamba n'kuyatsa moto, mpaka munda kuyera ngati bwalo la mzikiti.

Anakwatiwa, anabereka, mwamuna anapita ku Joni n'kutchona. Munda wokha ndi umene sunamuthawe. Koma zaka zaposachedwapa chinangwa chinayamba kubereka tizala, chimanga n'kumalekeza m'chiuno.

Mchimwene wake Faruku, mwini mbumba, ankafuna kubwereketsa mundawo kwa olima nzimbe a ku Dwangwa.

"Dothi ili linafa kale, achemwali," anatero Faruku. "Mukulima mchenga."

"Silinafe, achimwene. Langotopa."

Atamva kuti kukubwera akatswiri oyeza chonde ndi makina, awiriwa anapangana. Makina akanena kuti dothi lili moyo, munda ukhala wa Sofiya. Akanena kuti lafa, nzimbe zilowa.

Sofiya anachita zomwe ankadziwa, poti mlendo salandiridwa pauve. Anasesa munda wonse, n'kuotcha kalikonse kotsala. Chomwe chinkamuchititsa manyazi chinali dzala la kuseri kwa chulu, pomwe ankataya makoko a chinangwa cha kondowole, mamba a nsomba ndi zitosi za nkhuku. Analifunditsa masamba a mgwalangwa kuti alendo asalione.

Makinawo anali chithabwa chachitali pachileyi, chokokedwa ndi njinga yamoto. Mlangizi wina, dzina lake Memory, anafotokoza kuti chithabwacho chimatumiza mphamvu ya magetsi pansi n'kumva mmene ikuyendera m'nthaka. Akaphatikiza ndi dothi lomwe atapa, amajambula mapu oonetsa pomwe pali zowolerana, zomwe ndi chakudya cha nthaka. Sofiya anayenda pambuyo pa chileyicho mzere ndi mzere, akupemphera chamumtima.

Patapita masabata, Memory anabwera ndi mapu, Faruku ali pomwepo. Munda wonse unali wofiira psuu, kusonyeza kuguga. Pakona pokha panali kadontho kobiriwira.

"Apa mumathirapo chiyani, mayi?" anafunsa Memory.

"Pepani, mwanawe, ndi padzala. Ndinayesetsa kubisa."

"Apa ndiye pali moyo. Zimene mumaotcha zija zikanamawolera m'nthaka, munda sukanaguga chonchi."

Sofiya anayang'ananso mapuwo. Utsi wonse uja, umene ankanyadira anthu akamauona ali kumsewu, unali nsima ya ana ake ikukwera kumwamba. Zinamuwawa kwambiri, chifukwa palibe amene anamubera kapena kumulodza. Mundawo anaupha yekha, ndi khama.

"Achimwene, ndipatseni mvula imodzi," anagwada pamaso pa Faruku. "Wallahi, ndikulumbira, sindiyatsanso moto."

Faruku anayang'ana kwa Memory. Mlangiziyo anazyolika. "Kubwezera chonde kumatenga zaka zambiri, bambo. Sindinganame."

"Tinapangana, achemwali," anatero Faruku, maso ali kumbali.

Tsiku lomwe thirakitala ya nzimbe inafika, anthu anaona zachilendo. Sofiya, mayi waukhondo wa Kanyenda yense, anagwada padzala, akukumba ndi manja dothi lakuda lonunkha nsomba n'kumadzaza m'beseni. Ankasenza, kukakhuthula kuseri kwa nyumba yake, n'kubwerera akuthamanga. Dalaivala analiza huta.

"Dikirani, bambo!" anakuwa Sofiya. "Munda wanga sindinamalize kututa."