Anesi ndi Katoni ya Mabuku

Achemwali anga aakulu amatchedwa Anesi, koma sanabayepo munthu jakisoni. Amagwira ntchito kuseri kwa chipatala, m'chipinda chochapira, momwe nsalu za pabedi zimafika zitamangidwa m'mitolo, zina zikudontha. Mankhwala oyeretsera nsalu anawadya zala, moti foni yanga imakana kuwamvera akaikhudza.

Dzinalo linayamba ali aang'ono. Bambo athu ndi kalipentala, ndipo akadzicheka ndi sowo ankakuwa ali kumashini kwawo, "Anesi, odwala afika." Achemwali ankabwera ndi madzi a mchere ndi kansalu, nkhope ili ndwii, osaseka mpaka atamanga bala.

Bambo ali ndi lamulo limodzi pa ntchito: sagula thabwa latsopano lakale likadalipo. Mpando umatalika monga momwe thabwa lopezeka lilili. Kwathu kuli tebulo la miyendo ya mitengo yosiyana, ndipo amalinyadira kuposa ife.

Achemwali atafika Fomu 3, sukulu inati asankhe maphunziro. Chingerezi, Masamu ndi Bayoloje anali a aliyense, wofuna ndi wosafuna. Otsalawo ankabwera awiriawiri, chifukwa ankaphunzitsidwa nthawi imodzi m'zipinda zosiyana: Kemisitili kapena Mbiri, Fizikisi kapena Jogalafe. Ukalowa khomo ili, linalo lakutsekekera. Sabata yomweyo amalume anabweretsa katoni ya mabuku amene mwana wawo anamaliza nawo sukulu. Onse anali a Mbiri ndi Jogalafe.

"Nkhani yatha," bambo anatero. "Mabuku abwera okha pakhomo."

"Koma unesi umafuna Kemisitili, bambo."

"Unesi umafuna munthu wokhoza mayeso. Awa tisiyire chiswe chiziwerenga?"

Aphunzitsi anati temu yachiwiri akhoza kusintha. Temu yachiwiri itafika, anati anzawo afika patali ndipo mipando yadzaza. Achemwali anakhoza bwino kwambiri, moti bambo anauza msewu wonse. Koma kusukulu ya unesi anangowafunsa funso limodzi: "Kemisitili ili kuti?" Anayamba sukulu yamasana kuti alembenso, kenako mayi anadwala. Unesi wokhawo umene anauchita unali wa pabedi la mayi, mpaka tsiku lomaliza. Ntchito yochapayi anaipezera komweko, chifukwa amayi ochapa anali atawazolowera.

Katoni ija inandiphunzitsa inenso. Sindinadandaule, ine ndinkangofuna Masamu. Lero ndili ndi benchi ya misomali, mahinjesi ndi maloko pafupi ndi depoti, ndipo ndikatapa misomali ndimadziwa kulemera kwake sikelo isananene. Zikapitirira chonchi, chaka chamawa ndikhala ndi shopu ya chitseko.

Chaka chino Chitsirizira wathu, mtsikana wofatsa amene sayankhula ngati sanafunsidwe, wafika Fomu 3. Sukulu isanatsegulidwe, bambo anatsitsa katoni pamwamba pa kabati. Anapukuta buku lililonse, namata misana yong'ambika ndi guluu wa matabwa. Achemwali anaima pakhomo akuyang'ana, manja ali kumbuyo.

M'mawa mwake anafika pabenchi panga atasenza katoniyo.

"Iwe, paja umadandaula kuti nyuzipepala zimabooka ndi misomali?"

"Zimabooka ndithu."

"Kulungira awa."

"Achemwali, mukufuna bambo andipale ngati thabwa?"

"Anandipala ine, ndinafa? Mwana uja alowe khomo linalo. Ngakhale akaphunzire wopanda buku, bola khomolo."

Tsamba loyamba anang'amba okha. Ine ndinaganiza mwachangu: mabuku akapanda kupezeka, bambo sakhala ndi chonena, ndipo a Kemisitili ndingathe kuwapeza pang'onopang'ono. Ndinavomera. Mapepalawo anali olimba zedi. Mmisiri wina womanga anatsegula phukusi lake nati, "Ah, bwana wamng'ono, tsopano misomali ikubwera ndi mapu kuti isasochere?" Tinaseka. Katoni inayamba kupepuka.

Bambo anaona kuti pansi pa bedi la Chitsirizira, pomwe anaika katoni ija, palibe kanthu, koma ankaganiza kuti wabwereketsa anzake. Tsiku lina anabwera kudzagula misomali, popeza amagula kwa ine ngati munthu wina aliyense, ndipo amanenerera kuposa onse. Ndinali kutumikira anthu awiri nthawi imodzi, dzanja linangopita lokha ku tsamba la mabuku aja. Ndinazindikira phukusi lili kale m'manja mwawo.

Analitembenuza, nakanda m'mphepete mwa pepala ndi chikhadabo.

"Guluu ameneyu ndi wanga."

Kenako anandiyang'ana.

"Si iwe wachita izi. Iwe sutaya chinthu chogulitsika."

Anakhuthulira misomali m'thumba la malaya, napinda pepalalo bwinobwino, n'kumapita. Kunyumba sanakalipe. Anangosiya kutchula dzina la Anesi. Akafuna kunena za iwo amati "wochapa uja," iwo ali pomwepo.

Tsiku losankha maphunziro, achemwali anapempha kuweruka msanga. Ine ndinasiyira mnzanga benchi. Chitsirizira atalowa m'nyumba, asanavule n'komwe nsapato, anamufunsa.

"Walowa khomo liti?"

"La Mbiri, achemwali. Ndi Jogalafe."

"Bambo akuopseza?"

"Ayi. Ndasankha ndekha."

"Wasankha wekha chiyani? Sukundiona ine? Sukuona manja awa?"

"Ndimawaona." Anayang'ana pansi. "Koma ine magazi ndimawaopa. Mabuku aja ndinayamba kuwawerenga ndili kupulayimale, nthawi imene inu munkagonera kuchipatala ndi mayi. M'nyumba muno munalibe china. Ndikufuna ndidzaphunzitse Mbiri."

"Nanga osanena bwanji?"

"Bambo sanandifunse. Inunso simunandifunse."

Kenako anatembenukira kwa ine. "Achimwene, aphunzitsi akuti amene ali ndi mabuku kwawo abwere nawo, chifukwa a sukulu ndi ochepa. Ine ndakweza mkono. Bambo akuti ndifunse inu."

Ndinapita kubenchi kukatenga zotsala. Buku la Jogalafe linali litatsala chikuto ndi mitsinje yochepa. La Mbiri linkayambira pakati pa nkhondo, osadziwika amene anaiputa. Masiku otsatira ndinayendera amisiri onse amene ndimawadziwa, kupempha mapepala. Ena anali atayatsira moto, ena anali atapukutira penti. Wamapu uja anandipatsa ake atatu, obowokabowoka, nandifunsa ngati ndayamba kugula katundu wanga yemwe.

Pali munthu wogulitsa mabuku akale amene akufuna loko wabwino, ndipo tikukambirana zosinthana. Akuti la Mbiri lilipo, koma ndi la silabasi ina. Ndipitanso Loweruka, sindibwerako chimanjamanja.

Pakali pano achemwali akaweruka amakhala patebulo la miyendo yosiyana lija, kusita masamba ndi simbi limodzilimodzi, dzimbiri la misomali lili mawangamawanga. Chitsirizira amawasanja potsatira manambala, n'kumasiya mipata pamene palibe.

Dzulo bambo anadzicheka ndi sowo. Tonse tinamva sowo itaima mwadzidzidzi. Achemwali anaimika simbi, nadzuka, n'kudikira. Bambo analowa, natenga kansalu pachingwe, nadzimanga okha, akukoka mfundo ndi mano.