Pepala Lomwe Ndinalembera Amayi Ake

Anzanga, ndinakumana naye ndili ndi tepi m'manja.

Tsikulo ife ophunzira za kadyedwe a chaka chachitatu tinkayeza anthu ulere pageti la yunivesite. Iye anabwera atavala vesiti, ndipo nditamuzunguliza tepi m'chiuno anakoka mimba mpaka maso kufiira.

"Pumani achimwene, si mpikisano," ndinatero.

"Ndipuma mukandipatsa nambala, adokotala."

"Sindine dokotala."

"Kwa ine ndinu."

Ankaphunzitsa anthu pa gym, ndipo aliyense ankangomutchula kuti Kochi. Nambala ndinamupatsa. Musandiweruze, munthuyo ankadziwa kuseketsa!

Chikondi chathu chinakula pakati pa mabuku. Ankandidikira panja pa labu, n'kumandifunsa mafunso a biochemistry kwinaku akupotoza mawu onse. Nditalephera mayeso ena sanandiuze zoti ndilimbe mtima. Anangokhala nane pabenchi mpaka misozi inatha.

Ulendo wanga ankaudziwa bwino. Zaka zinayi m'kalasi, miyezi ya practical kuchipatala, mayeso a board yopereka ziphaso, kenako dzina lilowe m'kaundula wa ma dietitian, akatswiri a kadyedwe ovomerezeka. Ngakhale bambo anga ankasokoneza ndondomekoyi, koma iye ayi.

Nditangoyamba practical, anabwera nkhope ili yakugwa.

"Babe, amayi awapeza ndi BP. Alembere zoti azidya."

"Sindiloledwa. Chilichonse chomwe ndalemba amasaina ndi Madam, otiyang'anira. Komanso ndiyenera kuwaona kaye, ndione ndi zotsatira za magazi."

"Ali kutali. Ukufuna apongozi ako afe podikira siginecha?"

Apongozi... Mawu amenewo ndi omwe anandigwetsa. Chaka chonse anali asanandionetse kwawo, ndiye mtima unangoti myaa.

Ndinalemba masamba awiri. Mchere wochepa, nthochi tsiku lililonse, nyemba, mapeyala, masamba obiriwira ambiri. Pansi ndinaikapo dzina langa, kuti amayiwo adziwe kuti mwana wawo sanatole chitsiru.

Panapita miyezi itatu.

M'mawa wina tikuyendera odwala ndi Madam, tinaima pabedi la bambo wina wazaka za m'ma fifite. Impso zawo zinali zofooka, potaziyamu atachuluka m'magazi mpaka mtima kuyamba kugunda mosokonekera. Kwa munthu wotero, nthochi ndi mapeyala ambiri ndi ngozi, poti muli potaziyamu wochuluka.

"Kunyumba amadya chiyani?" Madam anafunsa akazi awo.

"Timatsatira pepala, amayi. Anawapatsa ku gym."

Anapisa m'chikwama n'kutulutsa pepala lopindapinda, lothimbirira mafuta. Ndinalizindikira asanamalize kulitambasula. Mawu anga onse, osasintha ngakhale limodzi. Pamwamba panali chithunzi changa nditavala koti loyera, chomwe ndinamutumizira Kochi tsiku loyamba la practical. Pansi pa dzina langa anawonjezerapo mawu awiri: Registered Dietitian.

Madam anawerenga. Anandiyang'ana, n'kuyang'ananso baji yanga.

"Tikatha pano, ku ofesi."

Ndinangowatsatira pambuyo, anzanga. Sindikudziwa kuti mabedi otsalawo ndinawayendera bwanji.

Ku ofesi sanakalipe, bola akanakalipa.

"Unalemba ndiwe?"

"Zakudyazo ndine, Madam. Mawu apansiwo ayi."

"Ukudziwa kuti nkhaniyi ikhoza kukutsekera kaundula mpaka kalekale?"

Ndinangogwedeza mutu.

Masana omwewo ndinapita ku gym. Patebulo lolandirira alendo panali mulu wa mapepala omwewo, nkhope yanga ikumwetulira pa lililonse. Aliyense wolembetsa ankapatsidwa limodzi.

"Kochi, n'chiyani ichi?"

"Aaa babe, ndimafuna ikhale surprise. Ndikukutchukitsa!"

"Munthu ali m'chipatala chifukwa cha pepalali."

"Nthochi zingagoneke munthu m'chipatala? Usakokomeze."

"Nanga bwanji unalemba kuti ndine registered?"

"Si ukhala registered posachedwapa? Ndangofulumizako pang'ono."

Ndinamufunsa funso limodzi lomaliza.

"Amayi ako analilandira?"

Anayamba kusanja zitsulo zomwe zinali zosanjidwa kale.

"Amayi ali bwinobwino," anatero chapansipansi. "Ndinkadziwa kuti ukanakana."

Ndinatola mapepala onse n'kutuluka. Sanandilondole, anali ndi kasitomala.

Komiti ya sukulu inakhala pansi patatha milungu iwiri. Ndinanena zonse osabisa. Anagamula kuti ndibwereze practical yonse chaka chamawa, ndipo kalata ikhala mufailo yanga. Anzanga a m'kalasi alemba mayeso a board mwezi uno. Ine ndikuwathandiza kuwerenga.

Masiku oyamba ndinkangotukwana Kochi mumtima. Koma ndikakhala phee ndimaona kuti iye ananama, inde, koma dzanja lomwe linalemba linali langa. Lamulo ndinkalidziwa, chifukwa chake ndinkachidziwanso. Ndinangofuna kutchedwa mpongozi.

Ndisanachoke kuchipatala ndinapempha Madam kuti ndikapepese. Bambo aja anali atapezako bwino, ali mtulo. Akazi awo anandimvetsera mpaka kumapeto, manja ali pamiyendo.

"Mwana wanga, bambo akowa samva za munthu," anatero. "Ine ndalankhula za mchere zaka teni, osandimva. Koma pepala lako analimata pafiriji. Nthochi zikatha ankandituma ngakhale kukugwa mvula. Ankati, 'Walemba ndi mwana wophunzira, taonani nkhope yake, sangatinamize.'"

Sanandikalipire. Anangondigwira dzanja.

Ndinalira pakhonde la wodi kuposa momwe ndinalirira Kochi.

Anzanga, ine ndinakhulupirira munthu wolakwika, ndipo zinandipweteka. Koma chomwe chimandiwawa kwambiri n'choti kwinakwake kunali bambo yemwe ankakhulupirira ine ndi mtima wonse, ine osamudziwa n'komwe.