Gemu Yosatha Inandidyera Dimba la Amayi

Inu owerenga, ndikulemba izi nkhope ili pansi. Ndine bambo wandevu zanga, wazaka zopitirira makumi atatu, koma ndinatayitsa dimba la amayi anga chifukwa cha gemu ya pa laputopu. Chondiwawa kwambiri n'chakuti gemuyo sinali yokoma n'komwe. Akuluakulu amati chakomachakoma pusi adagwa chagada, koma pusiyo bola, adagwa akumva kukoma. Ine ndinagwera chinthu chimene ndinkachitukwana tsiku ndi tsiku.

Ndimapezeka pa boda ya Mchinji. Ndili ndi kashopu kamalata komwe ndimatchajira anthu mafoni ndi kuwaikira nyimbo ndi mafilimu m'mamemore khadi. Makasitomala anga ambiri ndi madalaivala a mathiraki amene amakhala masiku angapo akudikira mapepala a katundu. Ntchito yake ndi yokhala pansi, ndipo masana ambiri munthu umangoyasamula n'kumaingitsa ntchentche.

Tsiku lina dalaivala wina wa ku Zambia anandisiyira fulashi kuti ndimuikiremo nyimbo za kwaya. Ndikutsegula ndinapezamo gemu, ndipo nditamufunsa anangoseka. “Tengani bosi, ine yanilemesa. Muzaisiya mweka,” anatero m'Chinyanja chakwawo, kutanthauza kuti yamutopetsa ndipo inenso ndidzaisiya ndekha. Ndikanamvera mawu amenewo, bwenzi lero ndilibe cholemba.

Gemuyo inali yoyendayenda. Umakhala munthu wina wachipewa, wonyamula nyali, amene mng'ono wake anabedwa n'kukatsekeredwa kuseri kwa chitseko chachikulu pamwamba pa phiri. Kuti ukafike kumeneko umayenera kudutsa madera asanu ndi awiri, nkhalango, chipululu, mapanga ndi zina zotero, ndipo dera lililonse limakupatsa kiyi mmodzi. Tsiku loyamba ndinaona ngati ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Pofika tsiku lachitatu ndinali nditadziwa kale kuti anthu amene anaipanga anali aulesi kapena ankhanza.

Munthu wachipewayo ankati akayandikira khoma miyendo n'kulowa m'khomamo, osatulukanso, mpaka uyambirenso. Ukadina batani loti adumphe, iye amayamba waganiza kaye, kenako n'kudumpha atagwera kale m'phompho. M'nkhalango munali nkhalamba ina imene inkakutuma bowa khumi, ukabweretsa n'kukutumanso bowa wina khumi, mawu ake omwewo, nkhope yosasintha. Choipitsitsa chinali chakuti sumatha kusunga pamene wafika pokhapokha utamaliza dera lonse. Batire la laputopu yanga linafa kalekale, choncho magetsi akangothima, ntchito ya tsiku lonse imapita. Dera lachinayi ndinalibwereza kambirimbiri, mpaka mayi wogulitsa mandasi pafupi ndi shopu yanga anandifunsa ngati ndikukangana ndi mkazi pa foni.

Mwina mukufunsa kuti nanga osaisiya bwanji. Inenso ndimadzifunsa. Ndine munthu wamakani chibadwire, ndipo gemu ikandigonjetsa ndinkamva ngati yandinyoza pagulu. Ndinkati ndavutika kale chonchi, ndisiyire panjira? Ndinkafunanso kuona nkhope ya mng'ono wobedwayo, munthu wongojambula, ngati kuti ndi m'bale wanga weniweni.

Tsopano mumve za kumudzi. Kwathu ndi cha ku Guilleme. Amayi anga anatengedwa chitengwa ali mtsikana, n'kukakhala kwawo kwa bambo zaka zambiri. Bambo atamwalira, amayi anabwerera kwawo pamodzi ndi mlongo wanga Esinta ndi ana ake awiri. Munda wa kumtunda unali wochepa ndi wotopa, koma banja lathu linali ndi malo ena m'mbali mwa dambo, onyowa chaka chonse. Malowo anagona tsala nthawi yaitali, ndipo mbali ina amalume anabwereka anansi athu a kwa Mbewe kuti azilimako. Amayi sankadziwa pomwe malo athu ayambira ndi pomwe athera, poti anachoka ali wamng'ono. Odziwa anali awiri okha, amalume, omwe ndi mwini mbumba yathu, ndi a Mbewe aakulu.

Kwathu malire salembedwa papepala. Akuluakulu a mbali ziwiri amatenga aliyense wodzalowa m'malo mwake, n'kuyenda nawo ndi miyendo, kuwalozera kuti kuchokera pachulu ichi kukafika pachitsa icho, ndipo m'makona amabzala khonje onse akuona. Amene wayenda nawo tsiku limenelo ndiye mboni mpaka imfa. Amene sanayende alibe pakamwa.

Anthu atakumba mtedza, thengo litapsa, amalume anandiimbira foni. Anati ino ndiyo nthawi yabwino chifukwa pansi pakuoneka, ndipo anagwirizana kale ndi a Mbewe kuti malo obwerekedwawo abwezedwe, amayi ayambe dimba. Anati ndibwere ineyo poti ndine mphwawo wamkulu, ndiponso ndinapitako kusukulu, ndikhoza kujambula malirewo m'kope. Ndinavomera Loweruka. Loweruka litafika ndinali m'dera lachisanu, ndinawauza kuti kwachuluka mathiraki. Anasuntha tsiku. Loweruka linalo ndinanamanso chimodzimodzi.

Kachitatu amalume sanakalipe. Anangoti, “Mphwanga, ine ndi a Mbewe tonse ndife dzuwa la madzulo. Loweruka likubwerali usatichititse manyazi.” Ndinalumbira kuti ndifika m'mawa, ndipo ndikunena zoona, ndinkafunadi kupita.

Tsikulo ndinadzuka bwinobwino, ndinasamba, kope ndi bolopeni zili m'thumba. Ndinangodzera kushopu kuti ndikapereke foni ya kasitomala amene ankanyamuka. Ndinapeza magetsi alipo. Ndinali nditatsala pang'ono kumaliza dera lachisanu ndi chimodzi, la m'mapanga, limene linandizunza sabata ziwiri. Mumtima ndinati theka la ola lokha, ndikatero ndikwera njinga yamoto, ndikawapeza asanayambe. Zengerezu adalinda kwawukwawu, inu owerenga. Tsiku limenelo wachipewa uja anadumpha bwino malo onse amene ankagwa, ndipo ndinafika patali pomwe ndinali ndisanafikepo. Kuzimitsa kukanatanthauza kutaya zonse. Foni inalira, ndinaona kuti ndi Esinta, ndinaitembenuza chafufumimba. Inaliranso, ndinaitsekera m'dirowa.

Pamene ndinkatenga kiyi wachisanu ndi chimodzi, dzuwa linali litapendeka. Ndinaimba foni ndi mawu a munthu wotopa, ndinati kunabwera mathiraki ambiri mwadzidzidzi, sindikanatha kutseka shopu. Esinta anandiuza kuti nkhalamba ziwirizo zinandidikira pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Amayi anali kumaliro kumudzi wina, iye anali ndi mwana wodwala malungo. Pomaliza a Mbewe anati miyendo yawo siingadikirenso Loweruka lina, ndipo anayenda atatu, amalume, a Mbewe, ndi Levisoni mphwawo wa a Mbewe. Khonje sanabzale chifukwa mbali yathu panalibe woona. Amalume anati adzandiyendetsa ndekha ndikadzabwera, tidzabzale pamenepo.

Mukuganiza kuti ndinathamangira kumudzi m'mawa mwake? Ayi ndithu. Ndinati poti adzandiyendetsa ndekha, palibe chothamangira, ndimalize kaye dera lotsiriza mutu ukhale m'malo.

Ndinalimaliza patapita masiku asanu ndi anayi. Ndinakwera phiri lija ndi makiyi onse asanu ndi awiri, mtima ukugunda ngati ndikukafunsira mbeta. Chitseko chinatseguka. Kuseri kwake kunalibe mng'ono, kunalibe chipinda, kunalibe kanthu. Sikirini inangoyera mbuu, kenako panabwera mawu achingerezi akuti nkhaniyi idzapitirira m'gawo lachiwiri. Ndinadikira kuti mwina pabwera china. Ndinapempha mnzanga wina wogwira ntchito yoombola katundu kuti andifufuzire pa intaneti za gawo lachiwirilo. Anandiuza akuseka kuti amene anapanga gemuyo anasiya ntchitoyo kalekale, gawo lachiwiri silinatuluke ndipo silidzatuluka. Anthu ambiri kunja ankaitukwana kuti ndi gemu yachabechabe. Miyezi itatu ya moyo wanga inathera pamenepo.

Sabata yomweyo, ndisanapitebe kumudzi, amalume anagwa ali kuseri kwa nyumba akusenga nsungwi. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerako amoyo, koma mbali yakumanja inafa, miyendo siigwira, ndipo pakamwa pamangotuluka mawu osamveka. Mvula isanagwe, a Mbewe aakulu anatisiya.

Amayi atapita ndi khasu kudambo kuti ayambe kuswa mphanje, anapeza Levisoni atabzala kale khonje, yekha, kutsekereza malo onse onyowa mbali yake. Anatisiyira kamzere ka mchenga kumtunda komwe ngakhale bonongwe samera. Nkhani inapita kubwalo la amfumu, ndipo ine ndinapita nditavala jekete, ndikuganiza kuti sukulu yanga indithandiza. Funso linali limodzi lokha: tsiku loyenda malire, mbali yanu anayenda ndani? Levisoni anaimirira n'kufotokoza chulu ndi chitsa chilichonse mmene iye anafunira. Atandifunsa ine, ndinalibe choloza. Munthu amene ndinkadziwa njira iliyonse ya m'mapanga a m'gemu, sindinkadziwa ngakhale chulu chimodzi cha pamalo a makolo anga.

Tinayesa kuwatenga amalume pangolo mpaka kudamboko. Tinawakhazika pampando, ndinagwada pambali pawo n'kuwapempha kuti angoloza ndi dzanja lamanzere. Anayang'ana dambo lonselo, anakweza dzanja, linaloza uku, linalozanso uko, kenako linagwera pamwendo. Misozi inayamba kutsika. Anthu anati zimenezi si umboni, ndipo musamuzunze munthu wodwala. Mlandu unathera pomwepo. Ndinamva chisoni ndi manyazi zimene sindinamvepo chibadwire, ndipo mpaka pano sizinandichoke.

Levisoni anandipeza panjira pobwerera. Sanandinyoze, bola akanandinyoza. Anangoti, “Achimwene, ife tinakudikirani mpaka masana.”

Lero m'dambo muja muli tomato, kabichi ndi chimanga chachiwisi chimene Levisoni amadzagulitsa konkuno ku boda, ndipo nthawi zina chimadutsa pakhomo pa shopu yanga chili pa njinga. Amayi, pa msinkhu wawo, amakagwira ganyu yothirira m'dimba lomwelo kuti apatsidwe ndiwo zamasamba. Esinta anasiya kundiimbira foni. Ndimatumiza kangachepe ndikapeza, koma malo sagulidwa ndi ndalama yotchajira mafoni, ndipo madzi akatayika saoleka. Laputopu ija ndikadali nayo chifukwa ndiyo khasu langa. Gemuyo ndinaifufuta, koma kufufutako sikunabweze kanthu.

Inu owerenga, makamaka anzanga amene timakhala m'mashopu, m'mathiraki ndi m'maofesi tikudinadina, sindikunena kuti gemu iliyonse ndi yoipa. Koma mukaona kuti chinthu chikukukwiyitsani tsiku lililonse koma simukutha kuchisiya, dziwani kuti si inunso amene mukusewera. Musamati ndataya kale nthawi yambiri, ndingomaliza. Ine ndinamaliza, ndipo mwamva chimene ndinapeza. Wamkulu akakuitanani kuti bwera ndikuonetse, tsekani chilichonse munyamuke tsiku lomwelo, chifukwa zimene zili m'mutu mwa nkhalamba sizikhala pa fulashi yoti mudzatsegula mawa.

Chondilemera kuposa zonse ndi ichi. Anthu akamandinena kumudzi kuti ndinatayitsa dimba, amayi amanditeteza. Amawauza kuti mwana wanga musamunene, tsiku lija anapanikizika ndi ntchito ku boda, amavutikira ife tomwe. Mwezi watha ananena mawu amenewa ine ndili pomwepo, akuchokera kothirira, zovala zili chonyowa, msana atagwira. Inu mwadziwa lero chimene ndinkachita Loweruka lija. Amayi anga sakudziwa, ndipo sindikuona tsiku limene ndidzalimbe mtima kuwauza.