Sowo ya abambo ndi amalume

Dzulo mwana wanga anandifunsa tanthauzo la mawu achingerezi akuti "two-way". Ndikumuuza kuti ndi chinthu chopita uku ndi uku, ndinakumbuka fungo la utuchi wa bulugama.

Kwathu ku Magomero abambo ankacheka matabwa ndi amalume. Abambo ankaima pamwamba pa chipika, amalume m'dzenje, sowo yaitali ili pakati pawo. Awa akakoka, awonso ankakoka. Ine ndinkayesa akulimbirana.

Tsiku lina ndinalira. "Amalume, asiyireni abambo sowo yawo!"

Amalume anaseka, utuchi uli mbuu kumutu. "Iwe, ndikaisiya, kwanu mudya chiyani?"

Anadzaisiyadi chaka chimene anamwalira. Abambo anaikoleka kuseri kwa chitseko, ndipo inachita dzimbiri pomwepo. Sowo ija siyenda ndi munthu mmodzi.