Matalala pa Malata a Tchalitchi

Makinawo anabwera ku tchalitchi kwathu ku Chulu chaka chomwe fetereza wa makuponi anafika mochedwa. Amene anawatumiza ndi mwana wa mkulu wina wa mpingo yemwe ankagwira ntchito ku tawuni: laputopu, pulojekita ndi kajenereta. Poti ine ndinali mphunzitsi ndipo ndinagwirapo kompyuta ku koleji, ntchito inagwera ine. Loweruka ndinkalemba mawu a nyimbo, ndime iliyonse pa tsamba lake, ndiye Lamulungu ndinkangodina batani, mawuwo n'kumaoneka akuluakulu pakhoma lomwe tinapaka laimu. Nthambo ya magetsi inkachokera pa jenereta panja, pansi pa mtengo wa mango, n'kulowera pawindo mpaka pa katebulo kanga.

Lamulungu lina m'nyengo ya dzinja, fodya atafika m'chiuno, kunatentha modabwitsa kuyambira m'mawa. Tili pa nyimbo yachiwiri, kunja kunada bii. Mphepo inamenyetsa chitseko. Kenaka padenga panagwa chinthu ngati mwala, china, chinanso, mpaka malata onse anangokhala phokoso lokhalokha.

"Matalala!" anakuwa bambo wina kumbuyo.

Nyimbo inathera pomwepo. Aliyense mtima unathamangira kumunda. Mayi yemwe anakhala pafupi nane, tenanti wa pa esiteti ina, wochokera kutali kummwera, anandigwira dzanja mpaka zikhadabo kulowa.

"Aphunzitsi, ana anga ndawasiya okha m'kanyumba ka udzu!"

Anthu anayamba kukankhana kulowera kukhomo. Abusa ankakuwa atakweza manja, koma pakamwa pawo pankangoyenda, mawu osamveka. Mphenzi inang'anima, tchalitchi chonse chinayera. Ine ndinachotsa manja pa laputopu ngati yatentha. Maso anga anali pa nthambo ija. Ndinkaona kuti moto wa kumwamba ukafuna njira, njira yake ndi imeneyo, ndipo mathero ake ndi ine.

Abusa anafika n'kuika pakamwa pakhutu langa.

"Aphunzitsi, lembani! Auzeni asatuluke, malata akuuluka panjapo!"

"Abusa, mphenzi itsata nthamboyi!"

"Lembani, mayi, chonde! Pakhomopo pali ana, awaponda!"

Pofulumira, ndinkadina zilembo ziwiri nthawi imodzi. Ndinafufuta, ndinayambanso. Pakhoma panaoneka mawu: MUSATULUKE. KHALANI PANSI KUTALI NDI MAWINDO. Mumdima umene uja, khomalo ndi lokhalo linkawala. Odziwa kuwerenga anatembenuka n'kuyamba kukoka anzawo malaya, kuwalozera. Pang'onopang'ono khamu lija linabwerera, anthu n'kukhala pansi pakati pa mabenchi, amayi atafungatira ana.

Kenaka kunaphulika. Sindinamve ndi makutu okha, ndinamva m'mano. Khoma linazima. Munamveka fungo la pulasitiki wopserera. Ndinapezeka ndili pansi pa katebulo, ndikudzigwiragwira miyendo kuti ndidziwe ngati idakali yanga. Mayi uja anali pomwepo, akulira chamumtima.

Mvula itakata tinatuluka. Pansi panali mbuu, matalala ngati mchere wotayika. Mtengo wa mango unali utang'ambika pakati, jenereta itada ngati khala. Malata a khitchini ya abusa anali atapindikira pa njira yotulukira.

Ndinaperekeza mayi uja ku esiteti, tikuthamanga m'matope, nsapato kumanja. Denga la kanyumba kawo linali litasasuka mbali imodzi. Ana tinawapeza pakona, atadzifunditsa mphasa, onyowa koma amoyo. Mayiyo anawakumbatira, kenaka anasuzumira kumunda. Fodya yense anali nsanza, mitengo yokhayokha.

"Abwana ndikawauza chiyani?" anafunsa.

Ndinawathandiza kukamula mabulangete n'kuwayanika pa chigafa cha fodya, kenaka ndinauyamba wa kwathu, kukaona munda wanga.