Mbalame Yoyera ya Che Amidu

Ndikakumbukira Che Amidu, m'mphuno mwanga mumabwerera fungo la waya wopserera limene linkatuluka m'kashopu kawo kokonzera mawailesi ndi mafoni, kuseri kwa nyumba yathu pa Namitambo. Anali bambo wamtali wosalankhulalankhula, wotsimphina chibwerere ku Joni, ndipo tsiku lonse ankakhala chowerama patebulo, kofia ili kumutu, akuuzira utsi kumbali kuti usawalowe m'maso. Ine ndinali mtsikana wa zaka khumi. Amayi akandituma kukatchajitsa foni, ndinkachedwa dala.

Chondichedwetsa chinali laputopu yakale yong'aluka pakona, momwe munali gemu imodzi yokha. Che Amidu ankandiveka mahedifoni, phokoso la chigayo ndi la njinga zamoto n'kuzimiririka, m'makutu n'kutsala mvula yowaza ndi belu lolira patali. Ndinkayendetsa kamtsikana konyamula nyali m'nkhalango ya chifunga, momwe mitengo inkapuma ngati ng'ombe zogona. Mizimu yosochera inkabwera mwakachetechete n'kunditsata, ndipo ntchito yanga inali kuiperekeza kumtsinje kuti ikaoloke. Njira ikatha, kunkatera chimbalame choyera, ndikakwera pamsana pake ndinkaona ngati ndikuulukadi, ngakhale ndinali pabenchi.

"Usathamange, Esinati," ankatero osadzutsa mutu. "Amene anamanga dziko limeneli anafuna kuti ulione."

Chinandipweteketsa ndi pakamwa panga. Tsiku lina pamjigo ndinadzitama kwa anzanga kuti, "Dzulo ndinauluka pa mbalame, ndinaolotsa akufa asanu. Andiphunzitsa ndi Che Amidu." Sabata imeneyo n'kuti titangoika khanda la msuweni wanga, limene linamwalira ndi malungo.

Dzuwa lisanapendeke, amayi aakulu, achemwali awo a amayi anga, anali atandikhazika kale pamkeka.

"Tanena bwino. Umauluka ndi ndani?"

"Ndi gemu, amayi. Ili m'laputopu."

Mbama. "Anakulangiza kuti uzitero. Mwana uja mwadya ndi ndani?"

Ndinafotokoza za mabatani, za mahedifoni, ndinawapempha kuti tipite akaone okha. Kufotokoza kulikonse kunkabweza mbama ina, amayi anga ali chilili pakhomo, manja pakamwa. Khutu litayamba kulira, amayi aakulu anafunsanso ngati Che Amidu amanditenga kokatamba. Ndinati inde.

M'mawa mwake anthu anadzaza pakashopu paja. Ambiri anali omwewo amene Che Amidu ankawakonzera mawailesi, akhristu ndi asilamu omwe, ena atavala bwino ngati akupita ku ukwati. Che Amidu anatuluka ndi laputopu m'manja, n'kuiika pabenchi.

"Abale anga, ufiti wake ndi umenewu. Khalani pansi mmodzi, ndikuonetseni podina."

Palibe anakhala. Chifunga chija chitangooneka pagalasi, mizimu n'kuyamba kuyenda, mayi wina anakuwa, ndipo amalume anga anatsitsa mpini wa khasu pakati penipeni. Anthu anatulutsa tebulo, mawaya, mkeka wopempherera wa Che Amidu, n'kuyatsa moto. Ndinaona ndi maso angawa anthu akuyamba alowa kukatola mafoni asanaponye miyala, ndipo ena anatuluka ndi awiriawiri. Che Amidu anali pansi, magazi akutsika pachipumi. Anandiyang'ana kamodzi, osati mokwiya, koma ngati akufunsa ngati nane andimenya. Apolisi anafika n'kuwatenga kuti awapulumutse. Tinamva kuti Che Amidu anapita kwa abale awo ku Mangochi, ndipo sanapondenso pa Namitambo.

Mwezi usanathe, anthu omwewo anayamba kudandaula kuti wokonza wailesi akusowa. Ine ananditengera kwa mneneri wina amene anandimwetsa madzi amchere mpaka kusanza, akuti ndikulavula nyama ya munthu. Palibe anapepesa, ngakhale mmodzi.

Lero ndine mphunzitsi, ndipo anthu amati ndiiwale, zinali za umbuli. Umbuli wanji? Munthu anawatsegulira kuti aone, iwo anasankha mpini. Mwezi wathawu ndili kumudzi, amayi aakulu anandipatsira foni yawo akumwetulira.

"Esinati, tamuikirako kagemu mdzukulu wangayu, amavuta."

Ndinawayang'ana mpaka anagwetsa nkhope, n'kuwabwezera foniyo. Koma mkwiyo waukulu suli pa iwo. Ndafunsa madalaivala a ku Mangochi, ndafunsa kumzikiti, palibe akudziwa kumene Che Amidu ali, kaya ali moyo. Ndili ndi mawu amodzi amene ndikufuna kukawabweza pamaso pawo, inde uja, ndipo ndilibe kokawatula.