Bwalo Limene Tinalambulira Achimwene

Achimwene anga anayendetsa ndege za asilikali zaka zambiri, koma amayi anali asanawaonepo ali m'ndege. Chimene ankadziwa amayi ndi zithunzi ziwiri zopachika pabalaza, kumudzi kwathu kuseri kwa Nsaru. China anajambulitsa kunja kumene anakaphunzira ndege zomenyera nkhondo, atavala chisoti chobisa nkhope yonse, moti amayi ankati ameneyo akhoza kukhala mwana wa aliyense. Pa chinacho anali atakwezedwa kale udindo, nyota zili mbuu m'mapewa, ataima pafupi ndi helikopita, poti atabwerera kuno ndiyo ankayendetsa kwambiri. Kwathu ankabwera pagalimoto ngati wina aliyense, n'kufikira kudandaula za msewu.

Ine ndine chitsirizira cha amayi, ndipo ndi ine ndinatsala pamudzi kuwasamala. Achimwenewo ndinkawaopa kuyambira ndili mwana. Kukalipa sankakalipa ayi. Ankangokuyang'ana, n'kufunsa kafunso kamodzi kakafupi, iwe thukuta kamukamu.

Chaka chimene ankapuma pantchito anandiimbira foni mu Okutobala, ndili kudimba. Anati akuluakulu awo awalola kuti pa ulendo wawo wotsiriza, popita kumpoto ndi ntchito ina, atere kwathu mphindi zochepa kuti amayi awaone ndi maso. Tsikulo linali loti likhale Lachinayi, cha m'ma leveni.

"Tamvetsetsa, iwe," anatero. "Nditera pa bwalo lakale la mpira lija. Udzu uli pamenepo musaukhudze. Anthu onse akaime kuseri kwa mabulugamu. Pakakhala pouma kwambiri muthirepo madzi. Wamva?"

"Ndamva, achimwene."

"Bwereza."

Ndinabwereza ngati mwana wa sukulu, chonsecho ndinali kale ndi adzukulu awiri. Chifukwa chake sindinafunse, iwonso sananene. Anali atazolowera anthu oti akauzidwa amangochita.

Madzulo ndinakauza amalume, mlongo wawo wa amayi. Amalume anga ndi anthu aja oti pa maliro, pa ukwati, ngakhale pogawa nyama ya mbuzi, akapanda kulamula iwo ndiye kuti sizinayende bwino. Anatenga ndodo yawo tinapita kukaona bwalolo. Anyamata anali atasiya kalekale kusewerapo. Panali udzu wouma wofika m'akakolo, chisoso m'mbalimu, ndowe za ng'ombe paliponse.

"Mwana wathu, bwana wamkulu chonchija, adzatere patchire ngati nkhwali?" anatero amalume. "Nanga anzake akubwera nawowo akatiti chiyani?"

"Anena kuti udzu tisaukhudze, amalume."

"Umenewo ndi ulemu chabe. Safuna kutivutitsa. Kodi iwe wakula liti?"

Sindinawatsutse, ndipo sindinama kuti anandikakamiza. Kwathu mlendo akati musavutike, m'pamene timathamangitsa nkhuku. Amayi enieniwo akamadwala amati musandiphikire phala, koma ukapanda kuphika amakusungira mawu mwezi wathunthu. Ndinaganiza kuti achimwene nawonso ndi a m'mudzi momwemu. Komanso manyazi anandigwira poona ndowe zija. Khasu loyamba kugwa pabwalopo linali langa.

Tinalambula masiku awiri. Mudzi wonse unabwera, ngakhale matenanti a ku esiteti ya fodya, anthu a kummwera oti achimwene sankawadziwa n'komwe, anabwera ndi makasu awo. Titatha kulambula, amayi a m'mudzi anasesa mpaka dothi lofiira lija linasalala ngati pakhonde. Amalume anamangitsa chisakasa cha udzu ndi mapepala apulasitiki m'mphepete mwenimweni mwa bwalo, poti kuseri kwa mabulugamu amayi ndi maso awo aja sakanaona kanthu. Za madzi ndinakumbukira. Tinatunga zidebe zingapo ku mjigo Lachinayi m'mamawa n'kuwaza, koma ndi dzuwa la Okutobala, pofika naini pansi panali gwaa ngati sitinathirepo.

Amayi anavala kusanache, duku loyera kumutu, n'kukana kudya kuti angadetse zovala. Tinawakhazika pampando patsogolo pa chisakasa. Anthu anadzadza mbali zonse, ana a sukulu nawonso atawatulutsa m'makalasi. Ndinayesa kuwakankhira kumitengo, koma ndikabweza awa, awo afika kale.

Itakwana teni kunadutsa kamvuluvulu kakang'ono, kopanda pake, kamene masiku ena sitikacheukira n'komwe. Kanalowa pabwalo paja n'kunyamula fumbi lofiira kulikweza kupitirira mitengo, anthu a tsidya lina osaonekanso. Anthu anaseka, akudziphumphutha. Ine sindinaseke. Ngati kamphepo aka katere, nanga chindege chokupiza mphepo pansi chidzatani? Apo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake udzu unayenera kutsala.

Ndinaimba foni ya achimwene, koma inali yozimitsa. Ndinaimbanso, koma chimodzimodzi. Ndinathamangira kwa amalume kuti tichotse anthu, titungenso madzi.

"Takhala pansi, iwe, ukuchititsa manyazi," anatero. "Mlongo wako wauluka m'mayiko a nkhondo. Angalephere pa bwalo losesa?"

Ndisanayankhe, phokoso linamveka chakummawa. Linayamba ngati chigayo cha kutali, kenaka kadontho kakuda kanatulukira pamwamba pa minda. Amayi a m'mudzi anayamba nthungululu.  Ine ndinkapemphera mumtima kuti achimwene aone, akwiye, adutse. Ndikanalola kuti asandilankhulenso moyo wanga wonse, bola adutse.

Helikopita inazungulira kamodzi, inazunguliranso kachiwiri, motsika. Kenaka inaima m'malere pamwamba pa bwalo n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono.

Fumbi linadzuka nthawi imodzi ngati khoma. Ndege ija sindinaionenso, dzuwa sindinalione, ngakhale dzanja langa lomwe. Mchenga unkandibaya kumaso. Denga la chisakasa linazuka, mapulasitiki aja n'kuulukira kumene kunali phokoso. Ndinamva ana akulira, ena kumanja, ena kutsogolo, pakati pa bwalo penipeni, poti anali atathamangira ndege ija fumbi lisanawatseke maso. Ndinagwetsa amayi pampando n'kuwagonera pamwamba. Ankandimenya ndi chigongono kuti ndichoke, akufuna kuona.

Phokoso linasintha, linakhala lolemera, likusunthira mbali yathu. Kenaka ndinamva khwaa, khwaa, ngati munthu akusadza nthambi ndi chikwanje chachikulu. Timitengo ndi masamba a bulugamu zinatigwera pamsana. Ndinadziwa kuti mapiko ozungulira aja akhudza mtengo. Ndinatseka maso n'kudikira kuti chitsulo chonsecho chitigwere, achimwene ali momwemo, ndipo m'mutu mwanga munkangobwera mawu amodzi akuti ndawapha ndine.

Sichinagwe. Phokoso linakwera, linapita kutali, ndipo fumbi litayamba kutsika ndinaiona ndegeyo ikubwerera kumene inachokera, ikuyenda motsika. Pabwalo anthu anali ofiira kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Aliyense ankaitana mwana wake. Tinawapeza onse, ena atagona chafufumimba pakati pa bwalo, wina atathyoka dzino popondedwa ndi anzake. Amalume chipewa chinali chitapita, atangotsala ndi ndodo yawo.

"Watera?" anafunsa amayi, akutikita m'maso.

"Ayi, amayi. Wabwerera."

"Nanga bwanji?"

Ndinangowadzutsa n'kuwaphumphutha fumbi. Tsiku lonselo ndinkagwira foni m'manja, osadziwa ngati achimwene afika kapena agwera m'munda wa munthu panjira. Ikalira galimoto kumsewu ndinkathamangira panja, poganiza kuti ndi asilikali obwera ndi uthenga. Dzuwa litapendeka m'pamene unalowa uthenga wa mawu awiri wakuti tafika bwino.

Achimwene anabwera Loweruka, pagalimoto, atavala malaya wamba. Atapereka moni kwa amayi anandiuza kuti ndiwaperekeze kubwalo. Ndinkayenda pambuyo pawo. Anaima pakati, anatapa dothi n'kulisiya lidutse m'zala. Kenaka anayang'ana bulugamu uja, nsonga yake itametedwa ngati ndi sizasi. 

"Ndine ndinalambula, achimwene," ndinatero. "Munandiuza, koma ndinayesa mukungotimvera chisoni."

Anapukuta dothi m'manja.

"M'fumbi muja sindinkaona pansi, sindinkaona kumwamba," anatero. "Ndinkadziwa kuti pansi panga pali ana, koma osadziwa kuti ali pati. Pambali panga panali mnzanga woti wangokwatira kumene. Kunja kuja anatiwomberapo mfuti tili m'mwamba, koma sindinaope ngati Lachinayi."

"Mundikhululukire."

"Iwe unalakwa ndi khasu. Ine ndinaona ndili kutali kuti mwalambula. Wophunzira wa chaka choyamba akanangodutsa. Koma pozungulira kachiwiri ndinaona amayi atakhala pampando, ndiye ndinati ndiyese."

Anandiuza kuti ku ntchito alemba kuti kulakwa konse ndi kwawo. Zaka zonse zija anali asanakandepo ndege ya boma, ndipo ulendo wotsiriza ndi umene unakawaimika pamaso pa akuluakulu anzawo kuti afotokoze. Sadzaulukanso, anatero, ndipo ngakhale akanawalola sakanafuna.

Titabwerera kunyumba tinapeza amayi atakhala pamkeka pakhonde, maso akadali ofiira ndi fumbi lija. Palibe amene anali atawauza chimene chinachitika. Iwo ankangodziwa kuti ndege imachita fumbi, ndipo mwana wawo anali pa changu.

"Ine sindinakuone, mwananga," anatero. "Uyu anandigonera pamsana. Udzabweranso nayo liti?"

"Ulendo unali womwe uja, amayi."

Amayi anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kukonza chitenje chawo pamaondo. Kenaka anandiloza ndi chibwano.

"Koma bwalo lija unaliona, eti? Mlongo wakoyu anagwira ntchito. Masiku awiri, mpaka matuza m'manja."

Achimwene anandiyang'ana, ine ndinabisa manja kumbuyo.

"Ndinaliona, amayi," anatero. "Anakonza bwino."